Duwa la Gloriosa: Kadzalidwe ndi Kasamalidwe Kake Pakhomo

Mvula ikakhazikika mu Disembala, m'tchire la m'mapiri a Viphya mumatuluka duwa lofiira, lachikasu m'mphepete, looneka ngati malawi a moto. Akatswiri a zomera amalitcha Gloriosa superba, ndipo dziko la Zimbabwe linalisankha kukhala duwa la fuko. Anthu okhala ku Katoto angathe kulidzala pakhomo, pakuti silifa chaka ndi chaka: limauma m'chilimwe n'kuphukanso dzinja likafika.

Moyo wa duwali uli mu mzu wake wonenepa, wooneka ngati mphanda. Mzuwu ndi wosachedwa kuthyoka, ndipo mphukira imatulukira kunsonga kokha. Nsongayo ikawonongeka, palibe chomera. Mzu udzalidwe chogoneka, pa kuya kwa masentimita 5 mpaka 8, mu Okutobala kapena Novembala.

Vuto lalikulu ku Mzuzu ndi madzi. Mvula ya kuno imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya, pamene dothi lakatondo limasunga chinyontho nthawi yaitali. Mzu wokhala m'madzi umawola. Choncho ndi bwino kukweza bedi ndi kusakaniza dothi ndi mchenga komanso manyowa owolerana. Duwali limayanga, ndipo nsonga za masamba ake zimakoleka pa chilichonse chomwe zapeza, kotero pafunika kuzika nsungwi kapena kulidzala m'mbali mwa mpanda pomwe pamafika dzuwa. Masamba akafota, kuthirira kuleke mpaka mvula ina. Ambiri amalakwitsa pamenepa poganiza kuti duwa lafa ndi ludzu. Wofesa njere adikire zaka 3 kapena 4 asanaone maluwa.

Koma kukongolako kuli ndi ngozi yake. Mbali zonse za chomerachi, makamaka mzu ndi njere, zili ndi poizoni wotchedwa colchicine, yemwe amapha munthu ngakhale chiweto. Mzu wake umafanana ndi chilazi kapena mbatata, ndipo m'maiko monga Sri Lanka anthu ena afa atadya mosadziwa. Pa chifukwa ichi, duwali lisadzalidwe m'dimba la ndiwo kapena pomwe ana amasewerera, ndipo mizu yokumbidwa isasungidwe m'khitchini. Wodya amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba pakapita maola ochepa. Woteroyo athamangitsidwe ku chipatala chachikulu cha Mzuzu nthawi yomweyo, atatengerako chidutswa cha chomwe wadyacho kuti madokotala achione.