ENI ACE A NZERU ZA MAKOLO AYAMBA KUMVEKA KU MISONKHANO YA MAIKO

Pa 24 Meyi 2024, nthumwi za maiko zinagwirizana pa pangano latsopano mu mzinda wa Geneva ku Switzerland, pa msonkhano wa WIPO, nthambi ya United Nations yoyang'anira umwini wa zinthu zimene anthu atulukira. Mlimi wa ku Mpima kuno ku Kabwe, amene ali kalikiliki ndi ng'ombe zace za mkaka, angafunse kuti za ku Geneva zim'khudza bwanji. Zim'khudza ndithu, pakuti cimene anakambirana kumeneko ndi muzu uja amakumba ng'ombe ikadwala, khungwa lija agogo amaviika mwana akatsegula m'mimba, ndi mbeu ija ya mapira imene banja lasunga kuyambira kale.

Panganoli liti kampani yofuna cikalata ca umwini, cochedwa patenti, pa mankhwala kapena cinthu cina cocokera ku mtengo, nyama kapena mbeu, iulule dziko kumene zinthuzo zinatengedwa. Ngati inatsata nzeru za anthu, ichulenso mtundu wa anthu amene anapereka nzeruzo. M'maiko ambiri kampani inali kungoti yatulukira cinthu, osachula konse nkhalamba imene inailozera mtengowo. Nkhaniyi inayambidwa ndi dziko la Colombia mu 1999, ndipo inatha zaka 25 ili pa bwalo. Anzathu a ku Malawi ndiwo anali oyamba kuvomereza panganoli mu Disembala 2024. Linalembedwa kuti lidzayamba kugwira nchito maiko 15 akalivomereza.

Ife a ku Kabwe tidziwa cimene cimacitika mwini akapanda kufunsidwa. Pa 17 Juni 1921, mu mgodi wa Broken Hill, munapezeka cibade ca munthu wakale amene akatswiri ati anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 300,000 zapitazo. Mabuku achula Tom Zwiglaar, mzungu wa ku Switzerland, kuti ndiye anacipeza, koma dzina la munthu wakuda amene anali kukumba naye silinalembedwe. Cibadeco cinatumizidwa ku London caka comweco, popanda mfumu ya Alenje kapena munthu wina wa dziko lino kupemphedwa maganizo. Boma la Zambia lacipempha kwa zaka zambiri, ndipo mu 2018 mlanduwu unali pamaso pa komiti ya UNESCO ku Paris. Akulu anati mlandu suola.

Sitinali tokha pa kunyozedwa kotere. Mu 1923 mfumu Deskaheh ya mtundu wa Cayuga inacoka ku Canada kunka ku Geneva, kukadandaula ku bungwe la League of Nations za malo ndi ufulu wa anthu ace. Inadikira koposa caka, koma sinaloledwe kulankhula m'bwalolo, ndipo inamwalira mu 1925. Citseko cinayamba kutseguka mu 1982, pamene United Nations inakhazikitsa kabungwe komvera madandaulo a mitundu yotere. Mu 2002 kunakumana kwa nthawi yoyamba bwalo lokhazikika la anthu 16, ndipo 8 mwa iwo amachulidwa ndi mabungwe a eni dziko okha, osati maboma. Pa 13 Sepitembala 2007, maiko 143 anavomereza cikalata ca ufulu wa anthuwa, ndipo 4 anakana.

Kodi eni dziko ndani muno mu Africa, popeza tonse tinabadwira momwemo? Funsoli linavuta atsogoleri athu, kotero kuti mu 2006 anapempha kuti cikalataco ciyambe caima. Bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linamasulira kuti mauwa aloza makamaka mitundu imene yakankhidwira kumbali cifukwa ca makhalidwe ace, monga Asan a ku Kalahari, Amaasai oweta ng'ombe, ndi Abatwa, amene ena a iwo ndi anansi athu a m'dambo la Lukanga. Koma pa nkhani ya nzeru za makolo, mapangano achulanso anthu a m'midzi, ndipo m'menemo muli Mlenje, Mcewa, Mngoni ndi Mnsenga.

Phunziro lalikulu licokera kwa Asan. Kuyambira kale iwo anali kutafuna comera ca m'cipululu cochedwa hoodia kuti asamve njala pa ulendo wa uzimba. Bungwe lofufuza la boma la South Africa, CSIR, linatenga patenti pa mphamvu ya comeraco, nkupatsa kampani ya ku Britain cilolezo copanga mankhwala ocepetsa thupi. Asan anangomva za ici mu 2001. Sanakhale cete: anasonkhana, nasankha owalankhulira, ndipo mu 2003 CSIR inasaina pangano lakuti idzagawana nao phindu. Mankhwalawo sanafike pa msika monga anayembekezera, ndipo ndalama zimene Asan analandira zinali zocepa. Ena anati zapita pacabe. Koma anthu amene anaphunzira kulankhula pa mlandu wa hoodia sanaiwale njira. Mu 2019 Asan ndi Akhoi anapangana ndi makampani a tiyi wa rooibos kuti azilandira 1.5 peresenti ya mtengo umene mlimi agulitsira tiyiyo, ndipo mu 2022 anapatsidwa ndalama zopitirira 12 miliyoni randi.

Tisanamizane kuti zonse zakoma. Pa zokambirana za WIPO eni nzeru anapatsidwa mpando, koma sanapatsidwe voti. Ganizo lao linali kulowa m'cikalata pokhapokha boma la dziko lina litalicirikiza. Ulendo wa ku Geneva nawo ndi wodula, ndipo thumba limene linakhazikitsidwa mu 2005 lowalipirira ulendo linali kuuma kawirikawiri. Ndiponso munthu angafunse kuti olankhula Cingelezi ca m'mabuku m'nyumba zazitalizo anafikako liti kwa sing'anga wa m'mudzi kukamva maganizo ace. Ici ndi cifukwa cace nthumwi ya boma iyenera kuyamba yakhala pansi ndi mafumu isanakwere ndeke.

Kuti zotere zitheka taona pa magule. UNESCO silemba gule m'buku lace la cuma ca anthu onse popanda umboni wakuti eni ace abvomera. Gule Wamkulu wa Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique analemekezedwa mu 2005, pamodzi ndi Makishi a kumpoto cakumadzulo. Mu 2018, pa msonkhano wa ku Mauritius, analemba Mooba, gule wa Alenje a cigawo cino ca pakati. Amene anaonerapo Mooba adziwa siketi ija ya buyombo, mikanda, ndi maseche a m'miyendo. Adziwanso kuti gule akafika pacimace ovina ena amagwidwa ndi mizimu ya makolo yochedwa BaChooba. Dziko lonse tsopano lidziwa kuti guleyu ali ndi eni ace.

Kwathu kuno lamulo lilipo. Bungwe la ARIPO, limene linabadwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976, linakonza pangano la Swakopmund mu 2010 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za anthu. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa lamulo la nambala 16 pa nkhani yomweyi, ndipo oliyang'anira ndi a PACRA. Mtima wa lamuloli ndi wakuti wofuna kupindula ndi nzeru za anthu ayambe wawauza zonse zimene afuna kucita, alandire cilolezo cao, ndipo agwirizane za kugawana phindu.

Tsono mlendo akafika pamudzi ndi kabuku ndi kamera, nafunsa maina a mitengo ndi matenda amene iciritsa, mulandireni mwaulemu monga mwa mwambo wathu, koma mum'funse kumene acokera, amene am'tuma, ndi kumene zolembazo zidzapita. Mupite naye kwa a nyakwawa, ndipo zimene mwapangana zilembedwe pamaso pa mboni, ndi dzina la mudzi ndi la mfumu. Pangano la ku Geneva silibwerera m'mbuyo kukakhudza zikalata zimene zinapemphedwa kale, ndipo pa lokha silipatsa munthu ngwee. Likakamiza kampani kuchula kumene inatenga nzeru basi. Za ndalama zimadalira pepala lija losainidwa pabwalo la a mfumu, muzu usanacoke m'mudzi.