Sabata ndi liti, nanga khasu ligone tsiku liti?

Mvula ikakhazikika ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, udzu sudikira munthu. Ndi nthawi imeneyi pamene nkhani ya Sabata imavuta m'mabanja ambiri: kodi Mkhristu angasiye munda tsiku lathunthu chimanga chili m'tchire? Nanga tsikulo ndi liti?

Chisokonezo china chimayambira pa mayina a masiku. M'Chipwitikizi, "sábado" ndi Loweruka, ndipo mawuwa amachokera ku Chiheberi, kutanthauza kuleka ntchito. "Domingo" ndi tsiku la Ambuye, monga momwe Chichewa chimanenera kuti Lamulungu. Koma anthu ambiri akati "Lasabata" amanena Lamulungu lomwelo, ndiponso "sabata" ndi masiku onse asanu ndi awiri. Mwana amene anaphunzira masiku m'Chipwitikizi kusukulu akhoza kukangana ndi agogo ake mpaka nsima kuzizira, chonsecho aliyense akunena zoona m'chilankhulo chake.

M'Baibulo lamulo la Sabata linalembedwa kawiri, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Pa Eksodo 20 chifukwa chake ndi chakuti Mulungu anagwira ntchito yolenga masiku 6 napuma tsiku lachisanu ndi chiwiri. Pa Deuteronomo 5 Aisraeli akukumbutsidwa kuti anali akapolo ku Iguputo, choncho wantchito wawo nayenso apume. Lamuloli silinena za mwini munda yekha: limatchula ana, antchito, mlendo, ng'ombe ndi bulu. Ndipo Eksodo 34:21 ikuchita ngati inalembedwera mlimi wa kumalire kuno, pakuti imati kupumako kusalekeke ngakhale nthawi yolima ndi yokolola.

Mpingo wa Seventh-day Adventist umasunga Loweruka, kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu mpaka litalowanso Loweruka. Iwo amati Mulungu sanasinthe tsikulo, ndipo Yesu mwini ankapita kusunagoge pa Sabata. Mpingowu unakhazikika pa mishoni ya Malamulo ku Thyolo, m'Malawi, m'chaka cha 1902, ndipo kuno ku Mozambique mishoni yawo yakale ndi ya Munguluni m'chigawo cha Zambézia.

Akatolika, a Igreja Reformada, Achipentekoste ndi ena ambiri amapembedza Lamulungu, chifukwa Yesu anauka kwa akufa tsiku loyamba la sabata. Amaloza pa Machitidwe 20:7, pamene ophunzira anasonkhana tsikulo kudzanyema mkate. M'chaka cha 321 mfumu Constantine ya ku Roma inalamula kuti Lamulungu likhale tsiku lopuma. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti lamulolo linakhudza oweruza milandu, anthu a m'mizinda ndi amisiri, koma alimi linawalola kugwira ntchito m'minda kuti nyengo yodzala isawapitirire. Kukangana kwa khasu ndi pemphero sikunayambe dzulo.

Nanga ziweto? Pamenepa mbali zonse ziwiri zimamvana ndithu. Yesu anakumbutsa omutsutsa kuti iwo omwe ankamasula ng'ombe kukaimwetsa madzi pa Sabata, ndipo nkhosa ikagwa m'dzenje sankadikira mawa. Kutsegulira ng'ombe m'khola, kuthamangira naye wodwala kuchipatala, kuzimitsa moto wolusa, zonsezi si kuswa Sabata. Kumanga ng'ombe zomwezo pangolo kuti zikatute mbatatesi kudimba, imeneyo ndi nkhani ina.

Pamene pamafunika kunena mosapsatira ndi pa ganyu. Pali alimi amene amavala bwino n'kupita kutchalitchi, Baibulo m'khwapa, atasiya anyamata aganyu akupalira kapena kusoka fodya kuchigafa. Munthu wotere wapumitsa msana wake wokha. Malinga ndi Deuteronomo, tsikulo linaikidwa makamaka chifukwa cha iye amene alibe mphamvu yokana ntchito. Chimodzimodzinso pakhomo: ngati bambo akupuma pamthunzi mayi ali pamtondo, kumadzi ndi pamoto kuyambira mbandakucha, Sabata lafika kwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake mabanja ena amatunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kukonzeratu ndiwo dzulo lake.

Boma silisankhira munthu tsiku lopembedza. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amapatsa aliyense ufulu wopembedza kapena kusapembedza, ndipo lamulo la ntchito limapatsa wantchito tsiku lopuma pa sabata, limene nthawi zambiri limakhala Lamulungu. Wosunga Loweruka ndiye amene amataya zambiri: msika ukagwa tsiku limenelo, tomato ndi kabichi wake amadikira tsiku lina, mwina mtengo utatsika. Atsogoleri a magulu a alimi amachita bwino akamafunsa kaye mamembala asanaike tsiku logawa mbewu ndi feteleza kapena la msonkhano, ndipo wolemba aganyu amve kaye tsiku limene munthuyo amapemphera asanagwirizane za malipiro.