Makina oyankha mafunso afika: kodi amva chinenero cha ku Sanga?

M'chaka cha 2024, bungwe la Opportunity International lidayesa m'midzi ina ya ku Lilongwe njira yatsopano yolangizira alimi yotchedwa Ulangizi. Mlimi amafunsa kudzera pa WhatsApp, polemba, polankhula kapena potumiza chithunzi cha mbewu yodwala, ndipo kompyuta imayankha m'Chichewa kapena m'Chingerezi potengera malangizo a Unduna wa Zamalimidwe. Luso lotere ndi lomwe likutchedwa AI: makina amene adawerengetsedwa zolembedwa zochuluka mpaka kumayankha ngati munthu.

Ntchitoyi idayenda chifukwa idatsata chikhalidwe cha kumudzi. Popeza alimi ambiri alibe foni zamakono, munthu mmodzi wophunzitsidwa amanyamula foni n'kumafunsira gulu lonse, yankho n'kukambidwa pabwalo. Kumayiko olemera munthu amafunsa makinawa ali yekha. Kuno nzeru imakhulupirika ikadutsa pakamwa pa munthu wodziwika.

Kwa anthu a ku Sanga, Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya, nkhani yoyamba ndi chinenero. Makinawa amadziwa zimene zidalembedwa. Za m'Chingerezi n'zosawerengeka, za m'Chichewa n'zochepa, za m'Chitonga n'zochepetsetsa. Mayi wolankhula Chitonga chokha akhoza kusamvedwa, kapena kulandira yankho lolakwika koma lonenedwa molimba mtima.

Yachiwiri ndi moyo wa kunyanja. Malangizo ambiri olembedwa amanena za chimanga, pamene chakudya cha kuno ndi kondowole. Kanyikidwe ka chinangwa kochotsa kuwawa, kawerengedwe ka mphepo ya mwera, ndi kumene usipa umapezeka mwezi ukakhala mumdima, zili m'mitu mwa akuluakulu, osati m'mabuku. Achinyamata akayamba kukhulupirira foni kuposa agogo awo, nzeru zimenezi zikhoza kupita nawo kumanda.

Yachitatu ndi mwini foni. M'mabanja ambiri foni yamakono imakhala ndi bambo, chonsecho wolima chinangwa ndi kuyanika nsomba pathandala nthawi zambiri ndi mayi. Uphungu ukamafika kwa mmodzi yekha, kusiyana pakati pawo kumakula.

Boma la Nkhata Bay lili kale ndi chitsanzo chabwino. Ntchito yoteteza nsomba imene bungwe la Ripple Africa lidayambitsa kuno idazika mizu chifukwa mafumu, asodzi ndi amayi adalowa m'makomiti n'kupanga nawo malamulo. Luso la makina lifunika kulowera pakhomo lomwelo.

Tsono anthu akulimbikitsidwa kuchita zitatu. Yankho la pafoni lokhudza mankhwala a mbewu kapena thanzi liyambe latsimikizidwa ndi mlangizi kapena wazaumoyo. Nambala ya chiphaso cha unzika ndi nambala yachinsinsi ya ndalama zisaperekedwe kwa makinawa. Ndipo bungwe lililonse lobweretsa lusoli lifunsidwe pamsonkhano wa VDC kapena ADC ngati makina ake amamva Chitonga, komanso ngati amayi adzawagwiritsa nawo ntchito.