Linga la Massangano: mpanda wa mitengo umene unagonjetsa mizinga

ASSUMANE, Lichinga: Akuluakulu a kuno ku Niassa amadziwa bwino mawu akuti linga. Pa nthawi ya nkhondo za Angoni, Anyanja a m'mbali mwa nyanja ankatchinga midzi yawo ndi mipanda ya mitengo, ena n'kuthawira ku zilumba monga Likoma. Koma linga limene mbiri yake inafika mpaka ku Lisboa linali pamalo otchedwa Massangano, pamene mtsinje wa Luenha umathira mu Zambezi.

Amene anayamba kumanga pamenepo, m'zaka za m'ma 1840, ndi Joaquim José da Cruz, amene anthu ankamutcha Nyaude. Atamwalira, mwana wake António Vicente da Cruz, wodziwika ndi dzina lakuti Bonga, ndiye anatenga mpando. Apwitikizi ankatcha linga lotere kuti aringa.

Kodi linamangidwa bwanji? Anthu ankazika mitengo yaiwisi mothinana kuzungulira mudzi wonse. Mitengo ija inkaphuka n'kuzika mizu, mpanda n'kusanduka nkhalango yamoyo. Chipolopolo cha mzinga chimagumula khoma la njerwa, koma pa mpanda wotere chinkangothyola mtengo umodzi kapena iwiri, ndipo usiku anthu ankatseka pobowokapo. Mkati munali nyumba za mwini linga, za akazi ake ndi za asilikali ake, Achikunda, pamodzi ndi nkhokwe. Madzi anali pakhomo, ndipo bwato lililonse lopita ku Tete kapena lotsikira ku Sena linkadutsa pamaso pa mfuti zawo. Wamalonda wofuna kudutsa mwamtendere ankapereka msonkho.

Pakati pa 1867 ndi 1869 boma la Apwitikizi linatumiza magulu a nkhondo kanayi kuti akaphwanye Massangano, koma onse analephera. Asilikali ambiri anafera komweko, ena ndi zipolopolo, ena ndi malungo ndi njala, pakuti chakudya chawo chinkachokera kutali pamene a m'linga ankadya za m'nkhokwe zawo. Bonga anamwalira mu 1879 linga lake lili chiimire.

Nzeru imeneyi siyachilendo. Kale kwambiri, Yesu asanabadwe, Agiriki a mumzinda wa Athens anamanga makoma aatali a miyala, pafupifupi makilomita 6, olumikiza mzinda wawo ndi doko la Piraeus, kuti tirigu wobwera pa zombo azilowa ngakhale adani atauzinga. Makomawo sanagumulidwe pa nkhondo. Koma anthu atathithikana mkati, mliri unabuka m'chaka cha 430 Yesu asanabadwe, ndipo mu 404, zombo zawo zitagonja, njala inawatsegulitsa zipata.

Massangano nayenso sanagwe chifukwa cha kufooka kwa mpanda. Ana a Nyaude otsala ankalimbirana mpando, ndipo Apwitikizi anaphunzira kuti nkhondo ya ku Zambezi imafuna anthu a ku Zambezi. Mu 1887 anabwera ndi asilikali achikuda a Manuel António de Sousa, mwini malinga ena ku Gorongosa, n'kulanda malowo. A banja la Cruz anabwereranso n'kumanganso, koma mu 1888 Augusto de Castilho analigwetseratu.

Tisaiwale mbali ina ya nkhaniyi. Bonga anakana kugonjera atsamunda, inde, koma chuma cha linga lake chinachokeranso m'minyanga ya njovu, m'kufunkha midzi ndi m'kugwira akapolo. Kwa mlimi wokhala kunja kwa mpanda, linga silinali pothawira ayi, linali kochokera tsoka.

Choncho, awerengi, agogo akamakuuzani za linga lakale la kwanu, musangofunsa kutalika kwa mpanda. Afunseni kumene anthu ankatunga madzi, kumene ankasunga mapira, ndi amene ankaloledwa kulowa chipata chisanatsekedwe.