Mabuku a Wicca: musayambire kwa Gardner

Munthu akandifunsa buku loyambira pofuna kumvetsa Wicca, ndimamuuza kuti ayambe walisiya la Gerald Gardner, mwini wake amene anayambitsa chipembedzochi. Ambiri amadabwa nazo, koma chifukwa chilipo.

Wicca ndi chipembedzo chaching'ono chomwe chinadziwika ku England m'zaka za m'ma 1950. Otsatira ake amapembedza mulungu wamkazi ndi wamwamuna, amasonkhana mwezi ukakhwima, ndipo amachita zikondwerero zisanu ndi zitatu pa chaka potsata kusintha kwa nyengo. Amadzitcha okha mfiti, koma za kumanda ndi zouluka pa lichero zomwe timamva kumudzi mulibemo.

Gerald Gardner, mkulu wopuma pa ntchito ya boma la atsamunda ku Malaya, anatulutsa Witchcraft Today mu 1954, patangopita zaka zitatu dziko la Britain litathetsa lamulo lake la 1735 lokhudza ufiti. Iye ankati mu 1939 analowetsedwa m'gulu lachinsinsi ku New Forest, ndipo gululo linali mbewu yotsala ya chipembedzo chomwe chinalipo ku Ulaya Chikhristu chisanafike. Ganizoli analitola kwa Margaret Murray, yemwe analemba The Witch-Cult in Western Europe mu 1921. Mayi yemweyu ndiye analembanso mawu otsogolera m'buku la Gardner. Akatswiri a mbiri ataifukula nkhaniyi anaipeza yopanda mizu. Murray ankatenga zimene anthu ankavomera pozunzidwa pa milandu ngati zoona, n'kumadumpha ndime zotsutsana ndi maganizo ake. Wowerenga amene wayambira kwa awiriwa amameza zonsezi osadziwa.

Choncho yambirani kwa Ronald Hutton, mphunzitsi wa mbiri pa yunivesite ya Bristol. Buku lake The Triumph of the Moon la 1999 ndi lonenepa, la zilembo zing'onozing'ono, ndipo ine ndimaliwerenga pensulo ili m'manja. Hutton anasanthula makalata ndi zolemba zakale, anachezanso ndi Awicca enieni, n'kuonetsa kumene chidutswa chilichonse chinachokera: china ku ndakatulo za Angelezi zotamanda chilengedwe, china ku miyambo ya ma Freemason, china ku zolemba za Aleister Crowley, china kwa asing'anga a m'midzi ya ku England. Chimene ndimamukondera n'chakuti sanyoza. Amanena poyera kuti chipembedzochi n'chatsopano, koma anthu ake amawalemekeza.

Mukatero, mverani a m'kati. Doreen Valiente analowetsedwa ndi Gardner mu 1953, ndipo ndiye anakonzanso mawu ambiri a m'buku lawo la miyambo lotchedwa Book of Shadows. Mu The Rebirth of Witchcraft la 1989 sabisa kuti anasemphana ndi mkuluyu chifukwa chokonda atolankhani. Za ku America mupeza mu Drawing Down the Moon la 1979, la mtolankhani Margot Adler. Lofewa kwambiri ndi Wicca: A Guide for the Solitary Practitioner la Scott Cunningham, la 1988, lomwe limaonetsa momwe munthu amapembedzera payekha. Mbiri musaifunemo.

Nanga buku lachilendo mungaliyese bwanji? Ine ndimatsegula pamene akukamba za kuphedwa kwa oganiziridwa ufiti ku Ulaya. Ndikaona akuti anaphedwa anthu 9 miliyoni, ndimalibweza pa shelefu. Ofufuza zolemba za m'makhoti amati anali pakati pa 40,000 ndi 60,000, ndipo ambiri anali Akhristu wamba, makamaka amayi, onamiziridwa ndi anansi awo. Chiwerengero chokokomeza chimandipweteka mtima chifukwa chimawasandutsa anthuwa mboni za chipembedzo chomwe sanachidziwe n'komwe. Ndimayang'ananso kumapeto ngati wolemba watchula kumene anatenga mfundo zake. Timabuku ta pa intaneti tolonjeza chuma ndi chikondi, topanda ngakhale dzina lodziwika la wolemba, musatayirepo ndalama.

Koma ngati chomwe chikukuvutani ndi zimene zimachitika kwathu kuno, agogo akamenyedwa pa maliro chifukwa mwana wafa mwadzidzidzi, mabuku onsewa sakuthandizani. Funani Sorcery in its Social Setting la Max Marwick, la 1965. Iye anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, kulemba nkhani imodziimodzi ya imfa ndi matenda, n'kupeza kuti oganizirana ufiti kawirikawiri ndi apachibale a mbumba imodzi, amene anayamba akangana kale pa za chuma chamasiye kapena udindo. Bukuli n'lovuta kulipeza kunja kwa malaibulale a m'mayunivesite. Losavutirapo ndi Chewa Traditional Religion la J.W.M. van Breugel, lomwe a Kachere anasindikiza, ndipo nalonso limafotokoza za ufiti monga Achewa eni ake amaumvera.