Kalulu wa m'nthano uja si rabbit

Ndili Fomu 2, aphunzitsi anatipatsa ntchito yomasulira nthano m'Chingerezi. Ine ndinalemba kuti rabbit anapusitsa njovu. Kope pobwera, mawuwo anali atawazunguliza ndi bolopeni yofiira, pambali atalembapo hare. Zinandiwawa. Kalulu si kalulu basi?

Ayi ndithu. Ife timangoti kalulu, koma m'Chingerezi muli mayina awiri, ndipo pamenepa sayansi ikugwirizana nacho Chingerezicho. Nyama ziwirizi ndi za banja limodzi lotchedwa Leporidae, koma sizingaberekane. Hare ali ndi ma chromosome 48, rabbit woweta ali ndi 44.

Mukafuna kuziona bwino kusiyana kwake, yang'anani ana. Rabbit, uja timaweta m'khola kuseri kwa nyumba, makolo ake anachokera ku Spain ndi Portugal, kumene amakumba mauna. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 31. Ana amabadwa opanda ubweya, maso ali otseka, osatha kudzithandiza m'pang'ono pomwe. Amene munawetapo mukudziwa mmene mayi wake amadzizulira ubweya n'kuyala pogona anawo. Unawo ndi umene umawateteza, choncho sathamangira kukula.

Hare alibe una. Amangopalasa kadzenje kosaya m'udzu n'kugonamo. Mwana wobadwira poyera chonchi sangachite zachibwana: amabadwa ndi ubweya, maso ali otsegula, ndipo pasanapite nthawi wayamba kale kudumpha. Akakula amakhala ndi makutu ndi miyendo yaitali kuposa rabbit. Chitetezo chake ndi liwiro. Hare wa ku Ulaya amafika makilomita pafupifupi 70 pa ola. Uja amadzambatuka m'munda, agalu n'kumuthamangitsa mpaka kulefuka, ameneyo ndi hare, ndipo ndi yemwe agogo ankamunena m'nthano.

Koma musaganize kuti eni chiyankhulocho salakwitsa. Ku America kuli nyama yotchedwa jackrabbit, chonsecho ndi hare weniweni. Palinso Belgian hare, amene ndi rabbit woweta, anangomupatsa dzinalo chifukwa cha maonekedwe. Nditamva zimenezi mtima unakhala pansi pang'ono.

N'chifukwa chake pa mayeso a Biology dzina lokha musalikhulupirire kwambiri. Funso likabwera, dzifunseni kuti ana ake amabadwa bwanji, nanga amagona m'una kapena pamtunda. Malikisi anga aja sanabwerere, aphunzitsi anakana.