Mpeni wa sowo: werengani mano musanagule

Chitseko chimene mumagula kwa kalipentala pa Ntcheu boma kapena pa Kampepuza chimalimba kapena kugwedera chifukwa cha kangalande kamene maso sakaona. Kalipentala amakakumba m'kati mwa felemu kuti thabwa lapakati lilowemo. Mashelefu a kabati ndi pansi pa madilowa zimagwiranso chimodzimodzi. Kangalandeko kakakula, thabwa limasewera. Kakachepa, felemu imang'ambika pokhomera, ndiye thabwa lodula lija lasanduka nkhuni.

Kale ntchitoyi inali ya tchizulo ndi nyundo. Masiku ano m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa Lizulu kutsika mmunsi, mumamva kulira kwa sowo yamagetsi. Sowoyo imafulumizitsa ntchito, koma imadula bwino pokhapokha mpeni wake wozungulira uli woyenera. Tsoka lake, pogula mpeni funso loyamba limakhala la mtengo.

Pampeni uliwonse pamalembedwa manambala, monga 185 x 20 x 24T. Yoyambayo ndi kukula kwa mpeni m'mamilimita, yachiwiri ndi kukula kwa bowo lapakati, ndipo yachitatu ndi chiwerengero cha mano. Bowolo liyenera kukwana ndendende pa makina anu. Likakula, mpeni umayenda mopepeluka ndipo kangalande kamatuluka kokhotakhota. Pali timphete tachitsulo tochepetsera bowo. Funsani m'sitolo momwemo, osati kupanira ndi waya kapena chidutswa cha malata.

Nkhani yaikulu ili pa mano. Mpeni wa mano 24 uli ndi mipata ikuluikulu yotulutsira utuchi, choncho ndi umene umayenera podula motsata utali wa thabwa, monga pa felemu ya chitseko. Podula mopingasa, monga pokumba malo a shelefu, kapena pa plywood, mano ochepa amanyotsola m'mphepete. Apa pamafunika mano 40 mpaka 60. Koma musaganize kuti mano ambiri ndiwo abwino nthawi zonse. Mukawalowetsa motsata utali wa thabwa lochindikala, utuchi umasowa potulukira, mpeni umatentha ndipo thabwa limapsa.

Kenaka yang'anitsitsani nsonga za mano. Mipeni yambiri ili ndi mano opendekeka, lina kumanzere lina kumanja. Amenewa amadula bwino m'mphepete, koma amasiya kamzere kotukuka pansi pa kangalande, moti thabwa silikhazikika. Mpeni wa mano ansonga zafulati umasiya pansi posalala. Ngati mulibe woterewu, tchizulo chakuthwa chimalize ntchitoyo.

Mpeni umodzi umakumba mpata wa mamilimita awiri kapena atatu basi. Plywood ya mamilimita 6 imafuna kudutsitsa sowo kawiri kapena katatu, mukusendeza pang'ono thabwa lowongolera. Shelefu ya mamilimita 18 dulani kaye m'mbali zonse ziwiri, kenaka pakati kangapo, ndi kuchotsa zotsalazo ndi tchizulo. Kuya kwake kukhale ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa thabwa.

Mtundu wa mtengo nawo uli ndi zake. Paini, kaya wa ku Chikangawa kapena wa m'nkhalango ya Dzonzi konkuno, ali ndi utomoni umene umamatirira pa mano. Mpeni umaoneka ngati wabuntha pamene ungofuna kutsukidwa ndi palafini. Bulugamu wouma, mbawa ndi mlombwa zimafuna mano okhala ndi tizitsulo tolimba ta tungsten carbide kunsonga. Tizitsuloti sitinoleka ndi fayilo wamba, ndipo msomali umodzi wobisala m'thabwa lakale ungathe kutibenthula. Thabwa laliwisi ndiye musalikhudze n'komwe: likamauma limafota, ndipo kangalande kamene kanali kothina kamayamba kusewera chitseko chili kale pakhomo la mwini wake.

Pali njira ziwiri zachidule zimene zimadula zala. Yoyamba ndi kumangirira mpeni wa mano pa grinder. Grinder yaing'ono imazungulira pafupifupi ka 11,000 pamphindi, pamene sowo yamanja imazungulira cha m'ma 5,000, ndipo sowoyo ili ndi chitsulo chokhazikika pathabwa komanso chotchinga chimene chimatseka mano chokha. Grinder ilibe zimenezi. Dzino likakola pamfundo, makina onse amadumphira kwa amene wawagwira. Yachiwiri ndi kuphatikiza mipeni iwiri wamba kuti kangalande kakule paulendo umodzi. Mano akagundana amathetheka ndi kuuluka ngati mwala wa legeni. Mipeni yopangidwira kuphatikiza ilipo, amaitcha dado, koma ndi ya makina apatebulo amene anapangidwira zimenezo, osati sowo yamanja.

Makolo amene ana awo akuphunzira ukalipentala, kaya kwa amalume awo pamsika kapena kudzera ku TEVETA imene inakhazikitsidwa mu 1999, afunseko makina amene anawo amagwira. Afunsenso zimene zimachitika magetsi a ESCOM akathima ntchito ili m'kati. Sowo yapatebulo yopanga pamanja, switch yake ikaiwalika yoyatsa, imadzuka yokha magetsi akabwera, mwina pamene mwana akusesa utuchi pafupi ndi mano. Posintha mpeni, pulagi izulidwe kukhoma kaye.